Za inshuwalansi ya maliro ija ndinafunsa

Mwezi watha ndinakufunsani malangizo pa za bambo wina wa ku Hillbrow, ku Joni, yemwe ankanditolera R150 pamanja mwezi uliwonse, ati ndikadzamwalira adzatengera mtembo wanga kumudzi. Lisiti lake linali kapepala kolemba ndi bolopeni.

Ndinachita monga munandilangizira, abale. Ndinamufunsa nambala ya FSP (ya chiphaso chochitira bizinesi ngati ya inshuwalansi), imene bungwe la FSCA loyang'anira makampani a zachuma ku South Africa limapereka, ndi dzina la kampani ya inshuwalansi yomwe idzalipire. Anangoti "mawa, achimwene." Mpaka lero foni sayankha. Ndalama za miyezi 7 zapita, ndipo zikundiwawa, chifukwa amayi ku Mangochi ndinali nditawauza kale kuti asamade nkhawa.

Pano ndalowa inshuwalansi ina, nambala yake ya FSP ndinaifufuza ndekha pa webusaiti ya FSCA. Mapepala ndili nawo, ndimalipira kudzera ku banki, ndipo anandiuziratu kuti pa imfa ya matenda salipira ngati munthu wamwalira miyezi 6 isanakwane chilowereni inshuwalansiyo.