Kodi ndisiye uphunzitsi kapena ndidikirebe maitanidwe a ubusa?

Mphunzitsi wa ku Dedza

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kumudzi, ndili pabanja ndipo tili ndi ana atatu. Kwa zaka 6 tsopano ndakhala ndikumva mumtima kuti Mulungu akundiitana ku ubusa. Kawiri konse ndapereka dzina langa kwa akuluakulu a mpingo wathu kuti anditumize kusukulu ya zaubusa, ndipo kawiri konse andiyankha kuti ndiyambe ndadikira.

Pakadali pano ndimalalikira Lamulungu lililonse panyumba ya mapemphero imene ili kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. Mwezi wa Febuluwale ndinawoloka madzi akulekeza m'chifuwa, njinga ili paphewa, Baibulo nditalikulunga m'jumbo n'kulimangirira kumutu. Pakati pa mtsinje phazi linaterereka, njinga inapita ndi madzi ndipo tinakaipeza mawa lake itakodwa m'mabango. Mayi a kunyumba sanalankhule kanthu nditafika, koma usiku anandifunsa ngati Mulungu anandiitana kuti ana athu akhale amasiye.

Mnzanga wina amene anayambitsa mpingo wake akuti ndikuchedwa chifukwa cha mantha, ndipo akuti ndisiye ntchito chifukwa amene anandiitana adzandidyetsa ndi kunditeteza. Ena onse amangondiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, mwambi umene ndaumva mpaka wanditopetsa. Kodi ndingadziwe bwanji ngati kudikira kwangaku ndi chikhulupiriro kapena mantha?

Mkulu wa mpingo, Lilongwe

Aphunzitsi, ine ndiyankha za mtsinjewo, chifukwa za ubusa alipo ozidziwa kuposa ine. Werengani Ezara 8 pamodzi ndi Nehemiya 2. Anthu awiriwa anayenda ulendo wopita ku Yerusalemu m'masiku a mfumu Aritasasta. Ezara anachita manyazi kupempha asilikali omuperekeza popeza anali atauza kale mfumu kuti dzanja la Mulungu lili pa iwo, choncho analengeza kusala kudya pamtsinje wa Ahava, nanyamuka opanda alonda. Nehemiya anapita ndi akazembe ndi apakavalo amene mfumu inamupatsa, ndipo pamene adani anawopseza ntchito yomanga linga, anapemphera n'kuikanso alonda usana ndi usiku. Baibulo silidzudzula aliyense mwa awiriwa, zomwe zikusonyeza kuti kusamala moyo sikutsutsana ndi kukhulupirira.

Mukumbukirenso kuti Salimo 91, limene timalikonda kwambiri tikamanyamuka ulendo, ndi lomwe Satana anagwiritsa ntchito pouza Ambuye Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, ndipo Ambuye anakana kuti kumeneko ndi kuyesa Mulungu. Mtsinje ukadzaza musawoloke. Phunzitsani mmodzi wa akhristu a kutsidyako kutsogolera mapemphero, kuti tsiku limene madzi akana, Mawu asakanike nawo.

Mbusa wopuma

Mwana wanga, funso lako ndi lakale ngati mpingo womwe m'dziko muno. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, koma munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Zaka zonsezo amishoniwo ankaphunzitsa, kuchiritsa odwala ndi kuika m'manda anzawo amene anafa ndi malungo, ndipo mandawo alipobe mpaka lero. Chimene anthu ambiri amachiiwala ndi chakuti mtsogoleri wawo Robert Laws ndi anzake sanakakamire pamalopo pofuna kuonetsa kulimba kwa chikhulupiriro chawo: anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako anakwera ku Khondowe mu 1894. Anadikira zipatso, koma imfa sanaidikire pamalo amodzi.

Komabe sindikufuna kukunamiza kuti kuchedwa kulikonse kumachokera kumwamba, chifukwa kwina kumachokera m'mitima ya anthu. Ku Livingstonia komweko abusa oyamba achikuda, Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, anadzozedwa mu 1914 atayesedwa kwa zaka zambiri, pamene Charles Domingo, munthu wophunzira bwino za ubusa, sanadzozedwe konse mpaka anachoka. Sindikhulupirira kuti Mulungu anakondwera ndi kuchedwetsa konseko. Chotero usangokhala pansi n'kumati nthawi ya Mulungu sinakwane. Pita kwa abusa ako mwaulemu, uwafunse mosapita m'mbali chimene chikusowa mwa iwe. Mwina ndi satifiketi ya MSCE imene ilibe maphunziro ofunika, mwina ndi ndalama zochepa zophunzitsira abusa, mwinanso pali khalidwe limene iwo akuliona koma iwe sukuliona. M'zaka zanga za utumiki ndinaona anyamata ambiri akukwiya ndi yankho lakuti "dikira" popanda kufunsa kuti adikire chiyani.

Za mnzako woyambitsa mpingo sindiweruza, koma ndimaona kuti Paulo ndi Barnaba, ngakhale Mzimu Woyera anawatchula maina, anatumizidwa ndi mpingo wa ku Antiokeya utasala kudya, kupemphera ndi kuwasanjika manja. Davide nayenso anadzozedwa ali mnyamata woweta nkhosa koma anayamba kulamulira ali ndi zaka 30, ndipo atapeza Sauli m'phanga ku Engedi, anyamata ake akumuuza kuti tsiku lake lafika, anangodula kansalu ka chovala chake n'kumuleka apite.

Mayi wa Chigwirizano, Kasungu

Zikomo abusa ndi akulu a mpingo, koma nonse mwadutsa pa funso la amayi aja ngati simunalimve. Aphunzitsi, munthu akalowa ubusa salowa yekha, pakuti walira mvula walira matope. Mayi busa ndiye amalandira alendo nthawi imene m'nyumba mulibe ufa, ndiye amasamuka nthawi iliyonse imene mwasamutsidwa, kusiya munda ndi abale. Ngati akazi anu akugona ndi mantha, nthawi sinakwane ngakhale akuluakulu atakuvomerani mawa. Kodi munayamba mwakhala nawo pansi kuti mumve maganizo awo, kapena mumangowauza zimene Mulungu wakuuzani? Za kusiya ntchito ndikukaniza ndithu, chifukwa Paulo ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akula ndi Priskila uku akulalikira, ndipo choko chimene mumagwira ndicho chikugula sopo ndi mchere pakhomo panu.

Mphunzitsi wa ku Dedza

Ndathokoza nonse. Amayi, mwandigwira pakhosi, chifukwa zoona zake n'zakuti sindinawafunsepo. Abusa, inunso mwalasa: Chingelezi sindinakhoze bwino pa MSCE, ndipo ndakhala ndikuchita manyazi kukalembanso mayeso pamodzi ndi ana amene ndinawaphunzitsa ndekha ku pulayimale. Loweruka ndikaonana ndi abusa athu. Kutsidya kuja kuli bambo wina wachikulire amene amawerenga bwino koma amaopa kuima patsogolo pa anthu. Kodi alipo pano amene anaphunzitsapo munthu wotere kulalikira, andiuze poyambira mvula isanayambenso?