RTX 4060 ya mafani atatu: kodi ndalama yowonjezerayo ili ndi phindu?

Tembo wa ku Kapata: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Wogulitsa wa ku Lusaka ali ndi ma RTX 4060 awiri (makadi a zithunzi a kompyuta, okhala ndi chip ya NVIDIA), Asus Dual ya mafani awiri ndi Gigabyte Gaming OC ya mafani atatu. Chip ndi imodzimodzi, memory 8GB onse. Ya atatuyo yakwera mtengo moti kusiyana kwake kungagule mafani awiri abwino a kesi (bokosi la kompyuta). Ndi kutentha kwathu kwa Okutobala kuno ku Chipata, nditenge iti?

Mayi Daka: A Tembo, musawerenge mafani, werengani mawati. RTX 4060 imadya 115W basi, ndipo kutentha koyenera kuchotsa ndi komweko. Mafani awiri pa heatsink (chitsulo chochotsa kutentha) yabwino amakwanitsa osavutika. Makadi a NVIDIA amadzichepetsa liwiro kwambiri akafika cha m'madigiri 83. Pansi pa pamenepo amangotsika pang'onopang'ono, 15MHz nthawi imodzi, zimene diso silingaone pamasewera. Mafani atatu amayamba kukhala ndi ntchito pa kadi ya 200W ngati RTX 4070, ndipo pa RTX 3080 ya 320W sitingakambirane n'komwe.

A Zulu: Amayi, pamawati ndikuvomereza, koma mwaiwala denga la malata. Anthu oyesa makadiwa amayesera m'chipinda cha madigiri 21 kapena 22. Kuno masana a Okutobala chipinda chopanda siling'i chimafika 35. Madigiri 13 amenewo kadi siingawathawe: mwina itenthe, mwina mafani azungulire mothamanga kuti abweze. Fani yothamanga tsiku lonse imalira komanso imatha msanga. Heatsink yaitali imalola mafani atatu kuyenda pang'onopang'ono. Chimene mukugula ndi bata ndi moyo wa ma bearing (pamene fani imazungulirira), osati ma fps (kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi).

Mayi Daka: Zoona a Zulu, koma kadi yoyenda pa 65 m'chipinda chozizira ikawonjezera 13 yafika 78, ikadali pansi pa malire. Ndiponso mafani atatu sakutanthauza kuti chitsulo ndi chachikulu. Pali makadi otchipa amene pulasitiki ndi yaitali koma mkati muli chibuma cha aluminiyamu ndi paipi ya kopa imodzi kapena awiri. Muuzeni wogulitsa ajambule kadi cham'mbali. Muwerenge mapaipi a kopa, muone ngati timapale ta heatsink tafika kumapeto, komanso ngati memory ikukhudzana ndi chitsulo kudzera pa ma thermal pad (tizigamba tofewa todutsitsa kutentha).

A Sakala: Nonse mukukamba za kadi ngati imakhala panja. Makadi awiri onsewa amataya mpweya wotentha mkati mwa kesi momwemo. Kesi ikakhala ndi galasi kutsogolo ndi fani imodzi kumbuyo, kadi imapuma mpweya umene yangotulutsa, ngakhale mafani akhale atatu. Ndalamayo gulani mafani awiri a 120mm, muike kutsogolo olowetsa mpweya, wakumbuyo azitulutsa. Olowetsa akachuluka kuposa otulutsa, mpweya umadzera pa sefa m'malo mokoka fumbi m'ming'alu yonse.

Ndipo fumbi ndiye mdani weniweni kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Limagwirana pamwamba pa timapale ngati bulangeti lofiirira, mafani n'kumazungulira koma mphepo osadutsa. Kesi ichoke pansi, ikhale patebulo. Sefa muzitsuka pakatha milungu iwiri, kadi muziipemerera mwezi ndi mwezi, mutagwira mafani ndi chala kuti asazungulire mopitirira muyezo, chifukwa bearing imawonongeka pamenepo.

Mwale wa ku Katete: Nanga zija za fani imodzi yokhala ngati nkhono, zotulutsira mpweya kumbuyo? Zakale zimapezeka motchipa.

A Sakala: Ndiye blower imeneyo, ngati GTX 1080 Founders Edition kapena ma Asus Turbo. Ubwino wake ndi umodzi: kutentha konse kumatuluka panja, choncho imayenera kesi yothina, ngati makompyuta ochokera m'maofesi. Koma fani yaing'ono imayenera kuthamanga kwambiri, phokoso ngati makina oumitsira tsitsi, ndipo kadi imafika cha m'madigiri 83 pamasewera olemera. Fumbi limabisala mkati mwa chivundikiro, kulichotsa mpaka kumasula zomangira. Ngati ndi yakale, tsegulani pulogalamu ya HWiNFO musanalipire, muyerekeze GPU temperature (kutentha kwa chip) ndi hot spot (malo otentha kwambiri pa chip). Kusiyana kwa madigiri 10 mpaka 15 n'kwabwino. Kukapitirira 25, thermal paste (phala lopakidwa pakati pa chip ndi heatsink) yauma kapena yathawira m'mbali.

Mwale wa ku Katete: Za kuziziritsa kadi ndi madzi zija bwanji?

Mayi Daka: Pa kadi ya 115W ayi ndithu. Pampu ikafa kadi imatentha m'masekondi, ndipo pampu yake simungaipeze kuno. Fani wamba ikafa, mumamangirira ina ya 92mm pa heatsink, ntchito n'kupitirira.

A Zulu: Chabwino, koma a Tembo akatenga ya awiri achite ichi. Mu pulogalamu ya MSI Afterburner tsitsani power limit (malire a mawati amene kadi ingadye) kufika 85%. Ma fps amatsika pang'ono chabe, kutentha ndi phokoso zimachepa, ndipo ZESCO ikazimitsa magetsi, batire ya inverter imakhalitsako. Ine ndikanenabe kuti ikanakhala RTX 4070 ndikanati atatu.

A Sakala: A Tembo, mwayeza kesi? Asus Dual ndi pafupifupi 23cm, Gigabyte ija pafupifupi 28cm. Tengani tepi, muyeze kuchokera kumbuyo kumene kadi imamangidwa mpaka pamene mafani akutsogolo adzathere. Fani ya 120mm ndi yochindikala 25mm, muchotseretu.

Tembo wa ku Kapata: Ndayeza, 29cm popanda mafani akutsogolo. Ndikaika mafani patsala 26.5cm. Ndiye kuti ya atatu siilowa.

Mayi Daka: Basi, Dual ndi mafani awiri a kesi. Ikamabwera pa basi ibwere m'bokosi lake, osati yomangidwa kale mu kompyuta, chifukwa mabampu a Great East Road amatha kuthyola slot ya PCIe, polowetsa kadi paja. Ikafika, iyendetseni mphindi 30 pa masewera olemera masana dzuwa lili pamutu, mutitumizire manambala atatu: GPU temperature, hot spot ndi liwiro la mafani.