Anzathu a m'kalasi amene anatisiya tiwakumbukire bwanji?

A Admin chonde ndilowetsereni uthengawu, dzina mubise.

Tinalemba Grade 12 mu 2001 pa sukulu ina ya boma konkuno ku Lusaka ndipo chaka chino tatsegula gulu la WhatsApp kuti tidzakumane mu December. Poyamba kunali kuseka basi mpaka mnzathu wina anaponya chithunzi cha kalasi yonse nkuyamba kufunsa kuti uyu ali kuti, nanga uyu, mayankho ake onse tinangoti zii. Angapo anapita tisanakhalitse nkomwe chimalizireni sukulu, nthawi ija ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere, kunyumba ankangoti anadwala nthawi yaitali. Wina ngozi pa Great East Road akupita kwawo ku Katete. Awiri Covid ya June ndi July 2021 ndipo kumaliro kwawo sitinapiteko poti kusonkhana ambiri kunali koletsedwa. Womaliza ndi mtsikana amene tinkakhala naye desiki imodzi, kolera ya January 2024 ija odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium, wasiya ana akuleredwa ndi agogo awo ku Matero.

Ine ndinati m'mawa wa tsikulo tiyambe tapita kumanda a ku Chingwere ndi ku Leopards Hill, titchule mayina awo mmodzimmodzi, tipemphere, zodya pambuyo. Ena akuti ayi mutiwonongera chisangalalo, tidzangoima chete pang'ono kenako nyama pamoto. Zandiwawa kwambiri abale, munthu munkadyera limodzi mavitumbuwa pa break lero dzina lake likhale losokoneza phwando?

Manje pomwe pandivuta ndi apa. Kumanda a eni sungangofikako osauza achibale, komanso ena anaikidwa kalekale opanda chiliza ndiye popanda wachibale wotilondolera sitingapapeze. Koma kukagogoda kwa mayi okalamba nkuwakumbutsa za mwana wawo patapita zaka zonsezi, kodi sitikawaliritsanso? Chinanso ndi ndalama, tikusonkha K200 aliyense. Tigule maluwa kapena zipite kwa ana? Sukulu za boma ndi zaulere kuyambira 2022 inde, koma yunifomu, nsapato ndi makope agogo aja akuvutika nazo okha. Amene munachitapo zotere ndithandizeni.

Yankho: Asisi pepani. Ine mwana wanga wamwamuna anapita ali mnyamata ndipo chimene chimandiwawa nchakuti anzake akandiona ku tchalitchi amazemba ngati ndiwalirira. Pitani, adzalira inde koma adzasangalala kuti mwana wawo sanaiwalike. Musapite chigulu, tumani awiri kapena atatu, atenge shuga ndi chitenje.

Yankho: Osawakakamiza okanawo, ena si nkhanza koma amaopa manda, ena akudwala okha mwakachetechete. Za kumanda muchite Loweruka lina, wofuna abwere. Ndipo pa gulu lanulo musamalembe kuti uje anafa ndi chakuti, ana awo akula tsopano ali pa Facebook.

Wolemba: Zikomo amayi, zikomonso achimwene. Ndiyamba ndi agogo a ku Matero Lamulungu likubwerali tikaweruka ku tchalitchi. Funso lina, ndalamazo tiwapatse m'manja agogowo kapena tifunse masaizi a ana tikagule tokha ku Kamwala?