Ndiwafotokozere bwanji ana za sosholizimu ndi chikomyunizimu?

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa Histore kusekondale ina ku Dedza, ndipo sabata yatha mtsikana wa Fomu 3 anandifunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi chikomyunizimu ndi choipa? Agogo anga amati ndi cha anthu osapembedza." Ndinayankha mwachidule, koma mtima sunakhazikike mpaka lero.

Ife tinakula m'nthawi ya Kamuzu, pamene mawuwa ankamveka ngati chitonzo. Boma lathu linkagwirizana ndi Taiwan, osati China ya Mao. Koma anzathu otizungulira anayenda njira ina. Ku Tanzania, Nyerere analengeza mfundo za Ujamaa, sosholizimu ya dzikolo, ku Arusha mu 1967. Ku Zambia, Kaunda anali ndi mfundo zake zotchedwa Humanism, ndipo boma linatenga gawo lalikulu la migodi ya kopa. Ku Mozambique, kungodumpha malire pano, chipani cholamula cha FRELIMO chinadzitcha chotsatira mfundo za Marx ndi Lenin mu 1977, ndipo ana ena ankatumizidwa kukaphunzira ku Cuba ndi ku East Germany. M'kalasi mwanga muli ana omwe makolo awo anachokera ku Angonia ku Mozambique, ndiye nkhanizi amazimva kunyumba mosiyana.

Kodi mumasiyanitsa bwanji sosholizimu ndi chikomyunizimu m'mawu oti mwana amve? Ndimafuna adziwe za sukulu ndi zipatala zaulere, komanso za anthu osamutsidwa mokakamiza kupita m'midzi ya Ujamaa. Ngati pali amene anaphunzira ku Mozambique kapena ku Zambia zaka zimenezo, chonde tiuzeni zomwe munkaphunzitsidwa m'kalasi.