Kukagona mu tenti ku Assateague State Park, amene munafikako tithandizeni

Nachisale_MD:
Abale amene muli kuno ku Maryland, ana andiumiriza kuti tikagone mu tenti ku Assateague, pachilumba chija cha kufupi ndi Ocean City, akuti kuli mahatchi ongodziyendera okha pamchenga. Nkwabwino kupita ndi ana? Nanga timakwera boti?

Bambo_a_Tadala:
Boti ayi mayi, pali mlatho, mungotsata Route 611 mpaka kulowa ndi galimoto. Koma bukani msanga, malo a July amatha kalekale. Mbali ya state park ili ndi mashawa a madzi otentha, a mbali inayo ya chilumbachi, yotchedwa National Seashore, ndi ozizira basi, ndiye ndi ana sankhani state park.

Achimwene265:
Mahatchiwo musawaone kufatsa, amaluma komanso amaponda. Lamulo ndi kutalikirana nawo mafiti 40 ndipo mukawapatsa chakudya mulipira faindi. Ife ina inafika patebulo tikukonza tiyi, inagwetsa cooler ndi mphuno nkudya buledi yense ndi pepala lomwe ife tikungoyang'ana kkkk. Zakudya zonse muzitsekera mugalimoto, ngakhale shuga.

Nachisale_MD:
Iiii buledi ndi pepala lomwe?? Ndiye ana ndiziwagwira padzanja.

Anaphiri_Bmore:
Aunt, vuto lenileni ndi udzudzu ndi ntchentche zoluma zija, mphepo ikangosiya mumva kuwawa, tengani mankhwala opopera. Mugulenso zikhomo zazitali za mumchenga chifukwa zimene zimabwera ndi tenti zimazuka mphepo ikawomba usiku. Ine ndikanati mupite kumapeto kwa September, udzudzu umakhala utachepako.