Kodi mfundo zomwe anamanga tili kumaliro tingazikane?

Mlimi wa m'dimba, Ngabu:
Abale, ndithandizeni maganizo. Kalabu yathu ya ulimi wamthirira ili ndi mamembala 42. Loweruka lapitali ambirife tinali kumaliro a mayi wina wa m'gulu lathu lomweli. Tsiku lomwelo apampando anasonkhanitsa anthu 11 pansi pa mtondo, n'kugwirizana zogulitsa pampu yathu ya dizilo ndiponso kuchotsa anthu asanu ndi mmodzi omwe sanamalize zopereka. Anthuwotu ndi omwe minda yawo inakwiririka ndi mchenga nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, mpaka pano sanadzuke. Malamulo athu amati uthenga wa msonkhano uzifika kutatsala masiku 7, ndipo pazikhala anthu oposa theka. Ife palibe anatiuza. Alembi akuti zinalowa kale m'buku, basi zatha. Zoona zimenezi? Tingapite kukhoti? Mtima ukundipweteka, chifukwa pampu ikapita chimanga cha chilimwe chino chipserera.

Mphunzitsi wopuma, Nsanje:
Achimwene, kulowa m'buku sikuyeretsa chinthu cholakwika. Malamulo omwe munasainirana ndi pangano la nonse, ndipo apampando nawonso ali pansi pake. Anthu 11 pa 42 alibe mphamvu yomanga mfundo, ndiye zomwe anagwirizanazo n'zopanda ntchito. Zochotsa anthuzo ndiye zafika poipa: munthu sachotsedwa asanauzidwe mlandu wake ndi kupatsidwa mpata woyankha. Jambulani pafoni tsamba la maminitsi ndi mndandanda wa omwe analipo lero lomwe, mayina asanayambe kuchuluka okha. Kenako lembani kalata, musainire ambiri, yoitanitsa msonkhano wapadera. Kope ina musunge.

Mayi wa kopaletivi, Nchalo:
Bambo, kalabuyo inalembetsedwa bwanji? Ngati ndi kopaletivi, muli pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998, ndipo mkangano wotere umayambira kwa Registrar wa makopaletivi, ku unduna wa zamalonda. Ngati simunalembetse, chodalira chanu ndi malamulo anu olembedwawo. Zakukhotizo muziganize bwino. Chiletso choimitsa kugulitsa pampu majisitireti sapereka, chimatuluka ku High Court, ndiye kuti kukwera Thabwa ulendo wa ku Blantyre, loya, thiransipoti. Ndalamazo zikhoza kuposa mtengo wa pampuyo. A Legal Aid Bureau amathandiza osowa, mutha kukawaona. Koma choyamba kamuuzeni wofuna kugulayo, pamaso pa mboni, kuti katunduyo ali pa mkangano. Ambiri akamva zimenezo amabwerera.

Mlimi wa m'dimba, Ngabu:
Sitinalembetse, mayi. Amatidziwa ndi alangizi ndi a mfumu basi.

Mnyamata wa ku East Bank:
Ndiye yambirani kwa omwewo, madala. Koma ine ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Ngakhale mfundozo zitathetsedwa, apampando akhoza kuitanitsa msonkhano wina motsata malamulo, n'kuwinabe. Mwawerengera kuti pa 42 aja ali mbali yanu ndi angati? Ena atopa kusonkhera dizilo, akufuna ya sola. Yendani khomo ndi khomo kaye.

Mlimi wa m'dimba, Ngabu:
Zimenezo sindikukana, mwana wanga. Tikakhala tonse, anzathu asanu ndi mmodzi aja n'kulankhula, kenako ambiri n'kunena kuti pampu igulitsidwe, ndidzavomera. Kalata tikulemba madzulo ano, ovomera kusainira ndi 23 kale. Mawa m'mawa tili kwa a mfumu.