Kanema uja taonetsa

Paja ndinafunsa ngati anthu angabwere kudzaonera kanema wolimbikitsa kudya zamasamba ndi nyemba m'malo mwa nyama. Zinatheka Loweruka lapitali mu holo ya tchalitchi. Amene munati tiphikenso chakudya, munalasa. Tinakonza nkhwani wotendera, bonongwe, nandolo, nzama ndi futali, ndipo futaliyo anatha kanema asanayambe n'komwe.

Vuto linali chilankhulo. Kanemayo ndi wa Chingerezi, moti tinkangoimitsa kuti mnzanga amasulire. Agogo ena anaseka: "Ana inu, mwabwereka pulojekita kuti mutiphunzitse za nsinjiro?" Ndinasowa choyankha.

Mtsutso unakula pa soya pisesi, abambo ena akuti ndi ndiwo za pamene m'thumba mwauma. Ulendo wina agogowo ndi amene adzayambe kulankhula, kanema pambuyo.